Nyimbo ya Ambuya Inandiyendetsa Burma Road Yonse

Ambuya anga ali ndi zaka 88 ndipo mutu wayamba kutaya zinthu. Amaiwala pamene aika mankhwala a BP. Amaiwala kuti adya kale, n'kuyamba kutiimba mlandu ati tiwamana nsima. Nthawi zina amandiitana ndi dzina la amalume amene anamwalila ine ndikalibe kubadwa. Koma pali kanyimbo kamodzi kamene kanakana kuchoka. Malaiti akapita madzulo, ife tonse maso ali pa foni, iwo amakokela kampando pafupi ndi mbaula n'kuyamba kukaimba cha m'mphuno, phazi likugunda pansi pang'onopang'ono monga munthu woguba amene alibe changu. Mau ake saimba. Akuti anawathawa kale.

Mwezi watha anagona m'chipatala masiku anayi chifukwa cha chifuwa. Tsiku limene tinabwela nao kunyumba ku Chilenje anandigwila dzanja mwamphamvu.

"Iwe, nifuna nikamveleko kaja kanyimbo ka agogo ako nikalibe kufa. Osati uniimbile iwe, mau yako niyadziwa. Nifuna uja mukazi wamene anali kuimba mu galamafoni."

Ine ndinaseka. Iwo sanaseke.

Manje vuto linali ili: pabanja ponse palibe amene anali kudziwa dzina la nyimboyo, ngakhale la woimba. Zimene tinali nazo ndi izi chabe. Malemu agogo aamuna anali msilikali wa Northern Rhodesia Regiment pa nkhondo ya Hitler. Analembedwa usilikali ku Fort Jameson, kumene lelo timati Chipata, ndipo anakafika mpaka ku Burma. Atabwelako anagwila nchito ya ukhukhi kwa mzungu wina ku Ridgeway, nayenso wochokela kunkhondo. Mzunguyo pobwelela kwao mu 1964 anawasiyila galamafoni yopukusa ndi dzanja ndi malekodi angapo. Lekodi ya nyimbo iyi amalume ena anaikhalila ali mwana, ndipo malekodi akale aja sanali kupindika, anali kusweka monga mbale yadothi. Galamafoni inagulitsidwa m'zaka zija za mizele ya unga ndi saladi. Agogo anatisiya mu 1991.

Kuonjezela apo, amai aakulu a ku Matero anabwela ndi nkhani yao. Iwo analumbila kuti ambuya asokoneza. "Siinali ya mukazi. Anali mwamuna, na gitala, mu Chinyanja. Ine ninali kuimvela nili mwana. Ni Alick Nkhata uja, si anali ku Burma nayeve?" Ambuya anangoyang'ana kumbali, ati, "Mwana wa mailo uyu."

Ndinajambula ambuya pa foni akuimba cha m'mphuno, masekondi 40. Ndinayesa tuma apu tuja tozindikila nyimbo, koma mau a ambuya amanjenjemela, ndipo foni inandipatsa makwaya a ku chechi atatu ndi nyimbo ina ya ku Korea. Ndiye ndinati basi, zimene foni yalephela miyendo idzachita. Lusaka ili ndi mseu wochedwa Burma ndi mseu wochedwa Alick Nkhata. Ndiyenda yonse iwili, ndikumvetsa aliyense wa imvi amene ndikumane naye.

Burma ni ndani?

Ndinanyamuka pa Chiwelu ma 07 awazi. Pa msika wa Chilenje azimai anali atayamba kale kuyala tomato, impwa ndi chibwabwa, anyamata a mawilibala akukuwa kuti tiwapatse njila. Ndinadutsa kufupi ndi nyumba nambala 394, mmene Kenneth Kaunda anakhala kuyambila 1960 mpaka 1962, koma sindinaime. Ulendo uno unali wa nkhondo ina, yakale kuposa ya ufulu.

Burma Road tonse timaidziwa. Timaikwelela basi, timaitukwana ikadzaza mamotoka. Koma ndinafunsa kamtsikana ka pa buthi ya mobile money kuti, "Sisi, Burma ni ndani?" Kanaganiza pang'ono. "Kaya, kapena anali minisita."

Burma si munthu, abale. Ndi dziko la ku Asia, pakati pa India ndi Thailand, limene kuyambila 1989 limachedwa Myanmar. Ndipo Arakan, dzina la kampu ya asilikali imene ili pa mseu umenewu, ndi dela la m'mbali mwa nyanja m'dziko lomwelo, limene lelo amati Rakhine. Mukayang'anitsitsa, ulendo wonse wa agogo athu unalembedwa pa mageti a makampu a asilikali m'Zambia muno. Tug Argan ya ku Ndola ndi mpata wa pakati pa mapili ku Somaliland, kumene mu August 1940 anyamata a Northern Rhodesia Regiment analimbana ndi gulu la Italy lochuluka kuwaposa. Gondar ya ku Chipata ndi tauni ya ku Ethiopia kumene Mataliyana anagonja mu November 1941. Chindwin ya ku Kabwe ndi mtsinje waukulu wa ku Burma, ndipo Kalewa ya ku Ndola ndi tauni ya m'mbali mwa mtsinje womwewo. Kohima, ya ku Kabwe nayonso, ili ku India kufupi ndi malile a Burma. Taung Up ya ku Mufulira ili ku Arakan konkuja.

Agogo anali kusimba kuti anapita pa malole mpaka ku Kenya, kenako chombo kuchokela ku Mombasa kukafika ku Ceylon, imene lelo ndi Sri Lanka. Mu 1944 analowa m'Burma ndi gulu lalikulu lochedwa 11th East African Division, mmene munali anyamata a kuno, a ku Nyasaland, Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Anawapatsa chigwa cha Kabaw m'nyengo ya mvula, pamene magulu ena anali kupuma. Matope ofika m'maondo, malungo, misundu yoyamwa magazi, chakudya chochita kuponyedwa ndi ndeke. Pofika December 1944 anali pa Kalewa. Ambuya amati agogo mpaka kufa kwao sanali kufuna kuona mpunga pa thebulo.

Pa geti ya Arakan foni ndinaisiya m'thumba. Pa kampu ya asilikali sajambulapo, musakayese. Ndinangoona msilikali ataima chilili, ndi nyale yaitali pambali pa geti. Kutsidya kwa mseu ndinapeza mdala wina akugula vitumbuwa, msana woongoka monga mlongoti, ndipo sindinachite kufunsa kuti anali kugwila nchito yanji asanapume. Ndinamuikila foni kukhutu.

"Iyi ni ya kuguba, mvela phazi," anatelo. "Koma si yathu. Ise tenze kugubila za Chinyanja. Iyi inunkha chizungu."

Anandikumbutsanso chinthu chimene ambili sitiganizila: Chinyanja chinali chilankhulo cha asilikali ndi apolisi kuyambila nthawi ya atsamunda, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Lusaka yonse, Mulozi, Mutonga, Mubemba, imagulila tomato m'Chinyanja. Ndinalemba m'kabuku: ya kuguba, yachizungu. Ambuya 1, amai aakulu 0.

Kabwata: ng'oma zilipo, nyimbo palibe

Kutsika ndi Burma Road kulowela ku tauni mumafika pa Kabwata Cultural Village. Ambili timangopitilila, timati ni pa azungu pogula njovu za mtengo. Koma tinyumba tozungulila tofolela ndi udzu tuja si tokongoletsela malo ai. Boma la atsamunda linatimangila anthu akuda obwela kudzagwila nchito m'Lusaka, ndipo tinali tambilimbili. M'ma 1970 anatigwetsa kuti amange mafulati, n'kusiyako 43 chabe. Ambuya anafikila m'kanyumba kotele mu 1955 atangokwatiwa, ali ndi zaka 18. Chipinda chimodzi, chitseko chimodzi, katundu yense m'sutukesi ya malata imene agogo anabwela nayo kunkhondo.

Ndinalowa m'kamodzi kuti ndione. Munthu wamtali sangatambasule bwino miyendo. Panja anthu osema anali pa nchito, fungo la mukwa ndi polishi lili ponseponse. Mdala wina wosema ng'oma anamvetsela foni kawili.

"Iyi tinali kuimba ku chechi," anatelo. Mnzake wosema zigoba za nyau anakana. "Iyai, iyi ni ya ma Scout." Anayamba kukangana, n'kuiwala kuti ine ndilipo. Ndinagula kampando kosema ka ambuya, ndinalaila, palibe amene anayankha.

Ku Kamwala ndinafika dzuwa litakwela. Kuno ndiye kwao kwa phokoso: masipika pa khomo la shopu iliyonse, chitenge mbali iyi, salaula mbali iyo, wina akulalikila, wina akugulitsa mankhwala a mphemvu. Cha ku Luburma kuli anyamata aja oika nyimbo pa memori kadi, amene amadzitama kuti palibe nyimbo imene alibe. Mmodzi anavala mahedifoni, anatseka maso monga dokotala.

"Boss, iyi ni Jim Reeves. Ba mbuya onse ni Jim Reeves. Nikuikileni foda yonse?"

Ndinamuuza kuti woimba ndi mkazi.

"Ninshi ni Dolly Parton."

Musaseke kwambili. Mnyamatayo ali ndi nyimbo masauzande pa laputopu, koma yakale kwambili ndi ya m'ma 1970: kalindula, Zamrock, rhumba. Zakumbuyo kwa apo kwa iye ndi mdima. Si mlandu wake. Ndani anamumvetsapo?

Ndinadya nsima ndi kapenta pa kamalesitilanti ka kuseli kwa msika, kenako ndinakwela ndi Independence Avenue. Pafupi ndi Cabinet Office pali chipilala cha chikumbutso cha asilikali amene anafa pa nkhondo ziwili zikuluzikulu. Chaka chilichonse mu November, pa Sondo yoyandikila pa 11, akuluakulu a boma ndi a asilikali amadzaikapo nkhata za maluwa. Masiku ena onse timangopitapo pa basi, maso pa foni. Ndinaimapo mphindi zingapo. Agogo anabwelako amoyo ndi mamendulo, jasi lolemela ndi tindalama timene tinatha asanamange nyumba. Anzao ena anatsala ku Kabaw konko, ndipo amai ao kumudzi anangolandila uthenga kudzela kwa mfumu.

Mseu wa munthu wa gitala

Kuchokela pa Longacres kulowela ku Kalingalinga ndi Mtendere ndiye Alick Nkhata Road. Apa amai aakulu anali ndi mfundo, ndiye tiyeni tiwapatse mpata.

Alick Nkhata anabadwila ku Kasama mu 1922, ndipo ndi zoona kuti anali msilikali ku Burma. Nkhondo itatha anayenda ndi Hugh Tracey, mzungu amene anali kuzungulila midzi ndi makomboni a m'Africa kujambula nyimbo, ndipo zimene Tracey anajambula zisungidwa mpaka lelo ku International Library of African Music ku South Africa. Pambuyo pake Nkhata analowa nchito pa wailesi ya Lusaka, imene inayamba mu 1941 kuti mabanja azimva nkhani za kunkhondo, n'kudzakula kukhala Central African Broadcasting Station, yomveka kuno, ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia.

Mu 1949 kunabwela kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special. Thupi lake linali lozungulila monga sefuliya, lopakidwa utoto wa buluu, loyendela batile, ndipo mtengo wake unali mapaundi 5. Ndi kameneka kamene kanalowetsa wailesi m'nyumba za anthu wamba, ndipo mau amene anali kutulukamo kawilikawili anali a Nkhata ndi gitala yake, m'Chibemba, m'Chinyanja ndi m'zilankhulo zina. Lusaka Radio Band imene anali kuimba nayo ndi imene inadzakhala Big Gold Six. Anafa mu October 1978 cha ku Mkushi, pamene asilikali a Ian Smith anaukila makampu a omenyela ufulu wa Zimbabwe kufupi ndi famu yake. Munthu anapulumuka ku Burma, nkhondo ya eni ake n'kudzamupeza pakhomo. Lelo nyumba ya wailesi ndi TV ya dziko, Mass Media Complex, ili pa mseu wa dzina lake.

Ndiye mwana aliyense wa m'ma 1950 ndi 1960 akamva mwamuna ndi gitala akuimba Chinyanja, mutu umathamangila kwa Alick Nkhata. Ndinakhala pa sitesheni ya basi, ndinagula bando, ndinamvetsela nyimbo zake zonse zimene ndinapeza pa intaneti. Zokoma, zina zoseketsa, zina zolangiza anthu a m'tauni. Koma ya ambuya munalibe.

Apa mtima unayamba kugwa. Inali 15 awazi, miyendo ikuwawa, ndipo ndinali kuganiza zimene ndikanene kunyumba. Dalaivala wa takisi amene anali kundiona ndikubweleza kanyimbo kamodzimodzi anafunsa vuto. Atamva anati, "Yendani mu Kalingalinga, kuseli kwa ba welding. Kuli mudala okonza mawailesi, enze kuliza lipenga mu bandi kudala. Uja akakangiwa, ninshi yasila."

Mudala wa mawailesi

Kalingalinga mumaidziwila ku mageti achitsulo, mafelemu a zitseko, mabedi ndi miphika ya maluwa zoyalidwa m'mbali mwa mseu, ndi moto wa owochelela umene umakuthwanimila m'maso. Kuseli kwa zonsezo ndinapeza kashopu kosakwana mamita atatu, kodzaza mawailesi akufa mpaka kudenga. Mwini wake ndi mdala wa zaka za m'ma 80, magalasi omanga ndi waya, kachitsulo kowochelela kali m'manja.

Ndinapeleka moni, ndinafotokoza, ndinaliza foni. Sanadikile kuti masekondi 40 athe. Anaika kachitsulo pansi, anatenga nyimbo pamene ambuya anailekezela, n'kuimaliza ndi mluzu mpaka kumapeto. Tsitsi linandiima.

"Lili Marlene," anatelo. "Mwana wanga, wayenda Lusaka yonse chifukwa cha Lili Marlene? Tenze kuiliza ku makalabu ya bazungu bamene benze ku nkhondo. Bakamwa, bayamba kulila, bakuuza bwezapo futi. Usiku umodzi unga ilize kasanu."

Anandikhazika pa kabenchi, anatuma mdzukulu kukagula maheu, n'kundiuza mbili yake. Usiku ndinakaitsimikiza ndekha powelenga, ndipo mdala sanaphonye.

Nyimboyi ndi ya ku Germany, dziko la adani a agogo. Mau ake anawalemba msilikali wina, Hans Leip, mu 1915, pa nkhondo yoyamba. Norbert Schultze anawaikila maimbidwe mu 1938, ndipo mkazi wochedwa Lale Andersen anaijambula mu 1939. Poyamba siinagulidwe kwenikweni. Koma mu 1941 wailesi ya asilikali a Germany ku Belgrade inayamba kuiliza usiku uliwonse 22 awazi ili pafupi kukwana, ndipo wailesiyo inali kumveka mpaka ku chipululu cha kumpoto kwa Africa. Asilikali a Germany anali kumvetsela. Asilikali a Britain, amene masana anali kuombelana nao, naonso anali kuchela wailesi yomweyo. Nkhani ya m'nyimbomo ndi yaifupi: msilikali akukumbuka mtsikana amene anali kukumana naye pansi pa nyale, kunja kwa geti ya kampu. Ndinakumbuka nyale ija ya m'mawa pa Arakan.

Akuluakulu a ku Britain sanakondwe kumva anyamata ao akuimba Chijelemani, ndiye mu 1944 kunatuluka mau a Chingelezi olembedwa ndi Tommie Connor. Kuchokela apo oimba anaigwilila ambili.

"Manje apo ndiye pali nchito," anatelo mdala. "Nyimbo taipeza. Koma mukazi wa ambuya bako ni uti? Benze bambili. Ine ningakuuze Vera Lynn, chifukwa uja anayenda ku Burma. Koma usanikhulupilile ine. Khutu ya mwine wake ndiye izaweluza."

Ndinafuna kumupatsa kangachepe, anakana. Anati ndikabwele ndi wailesi yakufa, ndiye tidzakambe za ndalama.

Khoti ya pa Sondo

Pa Sondo titachoka ku chechi ndinaitana amai aakulu kuchokela ku Matero. Ndinabweleka kasipika kwa neba, tinakhazika ambuya pa kampando kao katsopano pansi pa mtengo wa mango, ana a pa yadi atazungulila. Sindinawauze dzina la woimba aliyense. Ndinangoti, "Ambuya, mvelani, muniuze."

Woyamba, Lale Andersen, wa 1939. Lipenga litangolila kumayambililo, phazi la ambuya linayamba kugunda. Anatsegula maso kwambili.

"Ni yamene iyi! Waipeza kuti?" Anamvetselanso pang'ono, nkhope n'kukwinyika. "Koma chizungu ichi sindicho. Uyu akamba monga ali na mbatata yakupya mukamwa."

Wachiwili, Marlene Dietrich, mkazi wa mafilimu wobadwila ku Germany amene anakana Hitler n'kumakaimbila asilikali a America. Ambuya sanamupatse ngakhale mphindi imodzi.

"Uyu akoka fodya. Aimba monga bamuutsa ku tulo. Chotsa."

Wachitatu, Vera Lynn. Apa ine ndinali nditabechela kale mumtima. Mkazi ameneyu mu 1944 anayenda ulendo wautali kudzela ku Egypt ndi India kukaimbila asilikali ku Burma, chaka chomwecho chimene agogo anali m'matope a Kabaw. Anapatsidwa mendulo ya Burma Star, ndipo anamwalila mu 2020 ali ndi zaka 103. Mzungu wochokela ku Burma angasunge lekodi ya ndani ngati si ya ameneyu? Ambuya anamvetsela mpaka kumapeto, mwaulemu, manja ali pa maondo.

"Aimba bwino mwana wa bene. Koma mau yake ni yoyela maningi, yali pamwamba. Uja wathu mau yenze kuchokela mu chifuwa."

Amai aakulu anaseka. "Nakuuzani, palibe mukazi apa. Muzavutisa mwana mahala."

Ndinali nditatsala ndi dzina limodzi limene mdala wa ku Kalingalinga anachula mongodutsa: Anne Shelton, mtsikana wa ku London wobadwa mu 1923, amene anali kuimbila asilikali pa wailesi ya BBC ndipo anajambula nyimboyi m'Chingelezi mu 1944, ali ndi zaka 20 chabe. Kuno kwathu dzina lake silidziwika. Ndinadina.

Ambuya sananene kanthu. Phazi linasiya kugunda. Anaweramila kutsogolo, mutu n'kupendekela ku sipika monga mmene munthu amamvetselela mau a m'bale wake kuseli kwa chitseko. Vesi yoyamba inatha. Itayamba yachiwili, anatsegula pakamwa n'kuyamba kuimba pamwamba pa mzunguyo, osati cha m'mphuno, koma ndi mau enieni, a Chinyanja, amene kwa zaka zonsezi anali kunena kuti anawathawa.

Sanali mau omasulila Chingelezi ai. Munalibe nyale, munalibe geti. Munali mtsikana woima pa chitsime ndi ndowa, munali mnyamata wotopa ndi mpunga amene alakalaka nsima ya mgaiwa, munali chombo chochedwa kubwela. Agogo Chingelezi anali kuchimva cha kukhichini ndi cha pa pelete chabe, ndiye anatenga maimbidwe a eni ake n'kuikamo zao.

Amai aakulu anagwila pakamwa. "Ndiye yamene aya mau! Aya ndiye nenze kumvela!" Ambuya anaimaliza kaye nyimbo, kenako anawayang'ana.

"Alick Nkhata wako uja benze atate ako. Benze na kagitala ka chigubu, benze kukuimbila iwe ukalila usiku. Lekodi ikalila beve baimbilapo pamwamba. Lekodi itasweka banapitiliza beka."

Pa yadi panakhala zii. Amai aakulu, mzimai wa zaka 66 amene ali ndi adzukulu ake, analila monga kamwana. Kwa zaka zonsezi anali kufunafuna pa wailesi mau amene sanajambulidwepo ndi munthu aliyense.

Kodi ndili ndi pepala lotsimikiza kuti lekodi imene amalume anaikhalila inali ya Anne Shelton? Zidutswa zake zinatayidwa ku chishala Kaunda akali wa tsitsi lakuda. Chimene ndili nacho ndi khutu la mzimai amene anakana akazi atatu motsatizana, n'kupeza mau a mwamuna wake pa wachinai. Khoti ya pansi pa mango inagamula, ndipo palibe amene wachita apilu.

Ndinabwezanso nyimbo, ulendo uno foni ina ikujambula. Ambuya anaimba mavesi atatu a agogo, ndipo ndawatumiza pa gulu la banja pa WhatsApp. Msuweni wa ku Kitwe wayankha kale kuti amai ake amadziwa vesi yachinai, yokamba za sajeni wina wankhanza, imene ambuya akuti anaisiya dala chifukwa muli mau osayenela pa Sondo.

Mukafuna kuyenda ulendo umenewu, sufuna ndalama zambili: nsapato zabwino, botolo la madzi, ndi ya basi yochoka ku tauni kupita ku Kalingalinga miyendo ikakana. Yambilani ku Chilenje m'mawa dzuwa likalibe kukalipa, tsikani ndi Burma Road, imani pa Kabwata, idyani ku Kamwala. Ndipo musananyamuke, khalani kaye pafupi ndi mbaula mumve chimene ambuya anu amaimba malaiti akapita. Chijambuleni lelo, osati mailo.

Ine pa Chiwelu chikubwela ndibwelela ku Kalingalinga. Ndapeza wailesi yakufa pansi pa bedi ya ambuya, ndipo mdala uja ayenela kumva kuti Vera Lynn wake analuza.